Mmene tizamoyo ta m'nyanja timadzitetezera ku ceza coopsa ca dzuwa

LUSAKA: Munthu akadutsa ku Kamwala masana a mwezi wa Okutobala amapeza ogulitsa malonda atadzika maambulera, ena atafunditsa katundu wao makatoni. Onse amadziwa zimene dzuwa limacita. Citenje cikakhala panja masabata angapo cimasuluka, ndipo cidebe ca pulasitiki cimayamba kung'aluka. Koma pa zipupa zakale za masitolo, makamaka pamene madzi a padenga amatsetserekera, ndiponso pa miyala imene imatulukira pamtunda m'madera ambiri a Lusaka, pamakhala mizere ndi mawanga akuda amene sasuluka caka ndi caka. Amai ophwanya miyala m'mbali mwa misewu amadziwa kuti mwala wakuda kunja umapezeka woyera kapena wotuwa ukasweka.

Ambiri amayesa kuti kuda kumeneko ndi mwaye kapena litsiro. Kawirikawiri ndi zamoyo: ndere, nkhungu, ndipo makamaka mabakiteriya ochedwa cyanobacteria, amene amadzikuta ndi utoto wakuda wochinga ceza ca dzuwa. Abale ao ndiwo adzaza nyanja zamcere za dziko lapansi, kumene kulibe mtengo kapena denga lobisalapo. Nkhaniyi ikufotokoza njira zimene mabakiteriyawa amadzitetezera nazo, ndi cifukwa cake akatswiri a za khungu ndi a za madzi akuzitsata mosamala.

Kodi cyanobacteria n'ciani?

Awa ndi mabakiteriya amene amapanga okha cakudya cao kucokera ku kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, monga mmene zomera zimacitira, ndipo potero amatulutsa okosijeni. Kale ankachedwa ndere zobiriwira mwa buluu cifukwa ca maonekedwe ao, koma akatswiri anapeza kuti selo lao n'lopangidwa ngati la mabakiteriya ena onse. Limodzi palokha silioneka ndi maso. Akaculuka amaoneka ngati utoto woyandama pamadzi, ngati nkhanambo pa dothi louma, kapena ngati mawanga pamwala.

Mabakiteriyawa ndi akale kwambiri. Ndiwo anadzaza mlengalenga ndi okosijeni zaka pafupifupi mabiliyoni 2.4 zapitazo, ndipo kucokera ku okosijeni ameneyo munapangika mpweya wa ozoni umene lero umatichinga ku ceza coopsa. Izi zikutanthauza kuti makolo ao anakhala nthawi yaitali pansi pa thambo lopanda cochinga.

Zizindikiro za moyo wakalewo zilipo m'cigawo cathu cino. Tizamoyo tokhala m'madzi osaya tinkagwira mcenga ndi laimu n'kusanja miyalo yopyapyala, wina pamwamba pa unzake, mpaka kupanga miyala yochedwa stromatolite. Miyala yotere ya zaka pafupifupi mabiliyoni 2.7 imapezeka ku Belingwe m'dziko la Zimbabwe. Kuno ku Zambia, m'caka ca 1964 katswiri wa miyala S. P. Malan analemba za miyala ya mtundu umenewu ya mu mgodi wa Mufulira, umboni wakuti kumene lero kuli Copperbelt kunali madzi osaya zaka zoposa mamiliyoni 700 zapitazo. Ku Shark Bay m'dziko la Australia miyala yotere ikukulabe mpaka pano.

Ceza cimene maso saona

Kuwala kwa dzuwa kumabwera ngati mafunde a utali wosiyanasiyana, ndipo utaliwo amauyeza m'mananomita. Milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000. Maso a munthu amaona kuwala kwa pakati pa mananomita 400 ndi 700. Mafunde aafupi kuposa pamenepo ndiwo ceza ca ultraviolet, mwacidule UV, ndipo cimagawidwa patatu. UVA ndi ca mananomita 315 kufika 400, ndipo cambiri cimafika pansi. UVB ndi ca mananomita 280 kufika 315, ndipo ozoni amagwira gawo lalikulu la ico. UVC ndi ca mananomita 100 kufika 280, coopsa koposa, koma conse cimathera mumlengalenga.

Ceza ca UVB cimaononga DNA mwacindunji. DNA ndi cingwe cacitali ca m'selo cimene cimasunga malangizo a moyo, olembedwa ndi mankhwala anai amene akatswiri amawaimira ndi zilembo A, C, G ndi T. Cezaci cikagunda pamene pali zilembo ziwiri za T zoyandikana, cimazimata pamodzi. Selo likafika pamalo amenewo pokopera malangizo, limaima kapena limalakwitsa. Ceza ca UVA cimaononga mozungulira: cimacititsa kuti m'selo mupangike mitundu yolusa ya okosijeni imene imadya mapuloteni, mafuta a khungu la selo ndi utoto wogwira kuwala.

Vuto la cyanobacteria n'lakuti cakudya ndi ngozi zimacokera kumodzi. Sangathawire mumdima cifukwa angafe ndi njala, ndipo m'madzi oyera a pakati pa nyanja ceza ca UV cimalowa mamita makumi angapo. Conco ali ndi njira zingapo zimene zimagwira nchito pamodzi: kuchinga, kusuntha, kuzimitsa mphamvu yopitirira, ndi kukonza zimene zaonongeka. Mtundu uliwonse umadalira kwambiri njira yogwirizana ndi kukula kwake ndi malo amene umakhala.

Njira yoyamba: cikuto ca utoto wakuda

Mitundu imene imakhala pamalo amodzi, monga pa matanthwe a m'mphepete mwa nyanja, pa matope amene amauma madzi akaphwa ndi pa mizu ya mitengo ya mangrove, imadzikuta ndi cikuto coterera ngati therere. M'cikuto cimeneci imaikamo utoto wacikasu wopita kukuda wochedwa scytonemin. Mitundu ya Lyngbya, Calothrix, Rivularia ndi Scytonema ili m'gulu limeneli. Lamba wakuda amene amaoneka pa matanthwe a kunyanja, pamwamba pang'ono pa malo amene mafunde amafika, kwakukulukulu ndi nchito yao.

Woyamba kulemba za utotowu anali katswiri wa zomera wa ku Switzerland, Carl Nägeli, m'caka ca 1849. Nchito yake inadziwika bwino patapita zaka zoposa 140. M'caka ca 1991 Ferran Garcia-Pichel ndi Richard Castenholz, akugwira nchito ku Oregon m'dziko la America, anaonetsa kuti utotowu umachinga ceza, ndipo mu 1993, pamodzi ndi Philip Proteau ndi William Gerwick, anafotokoza kapangidwe kake. Scytonemin amagwira kwambiri ceza ca UVA ca mananomita pafupifupi 370, ndipo cikuto cokhuthala cimatha kuchinga pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a cezaco cisanalowe m'selo. Kuwala kofiira kumene selo limafuna popanga cakudya kumadutsa.

Utotowu uli ndi makhalidwe awiri ofunika. Coyamba, selo siliupanga nthawi zonse. Limayamba kuupanga wambiri likamva ceza ca UVA, n'cifukwa cake mbali yoyang'ana dzuwa imada kuposa ya mumthunzi. Caciwiri, suonongeka msanga ndipo umagwirabe nchito selo litauma. Selo louma silingakonze kanthu kapena kusuntha, motero cikuto ndico cokha cimalisunga mpaka madzi atabwerera. Kunyanja kudikirako ndi kwa maola kapena masiku. Pa mwala wa ku Lusaka ndi kwa miyezi yonse ya cilimwe, kuyambira Meyi mpaka mvula ya Novembala. Utotowu wapezeka m'mitundu yoposa 300 ya cyanobacteria, ya m'nyanja ndi ya pamtunda yomwe.

Njira yaciwiri: zochinga zosaoneka m'kati mwa selo

Mitundu yoyandama pamadzi ili ndi zochinga za mtundu wina, timankhwala topanda mtundu, tosungunuka m'madzi, tochedwa mycosporine-like amino acids, mwacidule MAA. Timeneti timagwira ceza ca mananomita 310 kufika 360, ndiko kuti mbali ya UVB ndi mbali ya UVA, n'kusandutsa mphamvu yake kukhala kutentha pang'ono kosavulaza. Todziwika kwambiri ndi shinorine, porphyra-334 ndi palythine. M'caka ca 1969 katswiri wa ku Japan, Kazuo Shibata, anatipeza m'zamoyo za ku Great Barrier Reef ku Australia, ndipo mu 2010 Emily Balskus ndi Christopher Walsh a ku Harvard anaonetsa kuti majini anai okha ndiwo amapanga shinorine mu cyanobacteria wochedwa Anabaena variabilis.

Citsanzo cabwino ndi Trichodesmium, mtundu wokhala ngati timaulusi tomangana m'timitolo. Uli ndi timatumba ta mpweya timene timauyandamitsa, ndipo nyanja ikakhala bata umaunjikana pamwamba m'mizere yofiirira yotalika makilomita ambiri. Amalinyero a Captain James Cook atauona kufupi ndi Australia m'caka ca 1770 anauyerekeza ndi utuci, ndipo Charles Darwin anauona kufupi ndi Brazil mu 1832. Ena amakhulupirira kuti dzina la Nyanja Yofiira linacokera ku mtundu umenewu. Umapezekanso m'nyanja ya Indian Ocean kufupi ndi Zanzibar, Dar es Salaam ndi Mozambique, madzi amene zombo zonyamula katundu wogulitsidwa ku Kamwala zimadutsamo.

Trichodesmium amakhala pamwamba peni peni pa madzi a kumadera otentha, pamene ceza ndi camphamvu koposa, ndipo ali ndi MAA woculuka kwambiri. Kukhala m'timitolo kumathandizanso, popeza timaulusi ta kunja timachinga ta m'kati. Nchito yake m'nyanja ndi yaikulu: amatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa cakudya ca zamoyo zina, monga mmene nyemba ndi nsawawa zimabwezera nthaka m'munda. Puloteni wogwira nchito imeneyi amaonongeka msanga ndi ceza ca UV, motero zochingazi zimateteza ndi cakudya ca nsomba comwe.

Nyama zambiri za m'nyanja sizipanga MAA koma zimamupeza m'zakudya. Akatswiri amupeza m'maso, m'mazira ndi m'zoterera za pakhungu la nsomba zokhala m'madzi osaya.

Njira yacitatu: kusuntha ndi kusankha nthawi

M'madambo amcere ndi pa matope a m'mphepete mwa nyanja, cyanobacteria amapanga mphasa zopyapyala za miyalomiyalo. Mitundu ina ya timaulusi, monga Oscillatoria ndi Microcoleus, imatha kukwawa. M'mawa imakwera pamwamba pa mphasa kukalandira kuwala. Dzuwa likafika paliwombo imatsika pansi pang'ono, mtunda wosakwana milimita imodzi, umene ndi wokwanira cifukwa mcenga ndi matope zimachinga ceza msanga. M'caka ca 1995 Brad Bebout ndi Garcia-Pichel anaonetsa pa mphasa za ku Solar Lake, ku Sinai m'dziko la Egypt, kuti ceza ca UVB paokha cimatha kuyambitsa kutsikako. Kawirikawiri mitundu yokwawa yotere ilibe utoto wakuda wambiri, ndipo ina imakhala pansi pa mitundu imene ili nao.

Mitundu yoyandama nayo imasintha malo. Masana selo likapanga cakudya cambiri limalemera n'kumira pang'ono. Usiku likadya cakudyaco limapepuka, ndipo timatumba ta mpweya timalikwezanso.

Njira yacinai: kuzimitsa mphamvu yopitirira

Ngakhale pali zochinga, kuwala kwina kumalowabe. M'selo muli utoto wofiirira ngati wa karoti, wochedwa carotenoid, ndi mapuloteni monga superoxide dismutase ndi catalase, amene amagwira okosijeni wolusa asanaononge kanthu. Mitundu yambiri, kuphatikizapo Synechococcus wa m'nyanja, ili ndi puloteni wochedwa Orange Carotenoid Protein. Anapezeka m'caka ca 1981, ndipo mu 2006 gulu la Diana Kirilovsky ku France linaonetsa nchito yake. Kuwala kukanyanya, puloteniyu amasintha kucoka ku mtundu wa lalanje n'kukhala wofiira, amakakamira pa tizigawo togwira kuwala, ndipo mphamvu yopitirirayo imatayika ngati kutentha. Kuwala kukacepa amabwerera mwakale. Nchito yake yaikulu ili pa kuwala kooneka, koma kumathandiza selo limene likulimbana kale ndi ceza ca UV.

Pali cigawo cina ca makina opangira cakudya, puloteni wochedwa D1, cimene cimaonongeka kuposa zonse. Selo limacicotsa n'kuikapo catsopano mosalekeza, ndipo padzuwa lamphamvu izi zimacitika m'kati mwa ola limodzi. Mitundu ina ikamva ceza ca UVB imayamba kupanga D1 wa mtundu wina wopirira bwino.

Njira yacisanu: kukonza DNA

Cyanobacteria woculuka koposa padziko lapansi alibe cikuto cakuda. Dzina lake ndi Prochlorococcus, ndipo anapezeka m'caka ca 1986 m'nyanja ya Sargasso ndi Sallie Chisholm, Robert Olson ndi anzao, amene analengeza za iye mu 1988. Kukula kwake ndi mananomita pafupifupi 600, ndipo mililita imodzi ya madzi a pakati pa nyanja imatha kukhala ndi maselo oposa 100,000. Zamoyo zoyandama za m'nyanja zonse pamodzi zimatulutsa pafupifupi theka la okosijeni amene zomera ndi tizamoyo timapanga caka ciliconse, ndipo Prochlorococcus ndi mmodzi wa ofunika kwambiri pakati pa izo.

M'caka ca 1994 Garcia-Pichel anawerengera kuti selo laling'ono cotere silingapindule ndi zochinga za m'kati. Ceza cimadutsa mtunda waufupi kwambiri kuti mankhwala acigwire, ndipo selo lingafunike kudzaza thupi lonse ndi zochingazo. Conco Prochlorococcus amadalira njira zina.

Yoyamba ndi puloteni wochedwa photolyase. Iye amayenda pa DNA kufunafuna zilembo zomatana, ndipo akazipeza amatenga mphamvu ya kuwala kwa buluu n'kuzimatula. Dzuwa limene laononga ndilo limapereka mphamvu yokonzera. Kukonza kwa mtundu umenewu kunadziwika m'caka ca 1949 ndi Albert Kelner, ndipo Aziz Sancar, wobadwira ku Turkey, amene anafufuza photolyase kwa zaka zambiri, analandira mphotho ya Nobel mu 2015 pamodzi ndi Tomas Lindahl ndi Paul Modrich cifukwa ca nchito yao pa kakonzedwe ka DNA. Magulu a Prochlorococcus okhala pamwamba pa madzi ali ndi photolyase, pamene ambiri okhala pansi, mamita 100 kapena kuposa, alibe.

Yaciwiri ndi nthawi. DNA imakhala pangozi yaikulu pamene ikukoperedwa. Prochlorococcus amakopera DNA yake cakumadzulo n'kugawikana usiku. M'caka ca 2010 akatswiri a ku Roscoff m'dziko la France anapeza kuti akamuunika ndi ceza ca UV amacedwetsa kukoperako ndi maola pafupifupi awiri, mpaka mdima utagwa.

Yacitatu ndi kudalira anansi. Ceza ca dzuwa cikagunda madzi a m'nyanja cimapanga mankhwala a hydrogen peroxide, ndipo Prochlorococcus alibe catalase wowasungunula. Akatswiri a ku America anaonetsa mu 2011 kuti mabakiteriya ena okhala naye limodzi, monga Alteromonas, ndiwo amayeretsa madziwo, ndipo popanda iwo Prochlorococcus sangakhale pamwamba pa nyanja.

Ozoni ndi pangano la Montreal

Kafukufuku wa nkhaniyi anakula kwambiri pambuyo pa 1985, pamene Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin a ku Britain analengeza kuti ozoni wa pamwamba pa Antarctica akupyapyala. Coyambitsa cinali mipweya yochedwa CFC, imene inkaikidwa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera. Panali mantha akuti ceza ca UVB cikaculuka, zamoyo zoyandama zimene nsomba zimadalira zicepa.

Maiko anagwirizana pa pangano la Montreal m'caka ca 1987, ndipo Zambia inalowamo mu 1990. Kuno nchito yoyang'anira mipweya imeneyi ili m'manja mwa bungwe la Zambia Environmental Management Agency. Lipoti la akatswiri a United Nations la 2022 linati ngati malamulowo apitiriza kutsatidwa, ozoni adzabwerera pa mlingo wa 1980 ca m'ma 2040 m'madera ambiri a dziko, ndipo ca m'ma 2066 ku Antarctica. Tsiku lokumbukira ozoni limacitika pa 16 Sepitembala caka ciliconse.

Zimene zikukhudza madzi athu

Zambia ilibe nyanja yamcere, koma cyanobacteria ali m'nyanja, m'madamu ndi m'maiwe athu, ndipo amadziteteza mwa njira zomwezi. Mtundu wochedwa Microcystis uli ndi timatumba ta mpweya ndiponso MAA, motero umatha kuyandama pamwamba padzuwa lowamba n'kuphimba ndere zina. Madzi akakhala ofunda, odekha ndiponso olowa feteleza kapena zonyansa za m'zimbudzi, umaculuka mpaka kuoneka ngati penti yobiriwira. Damu la Hartbeespoort, kufupi ndi Pretoria ku South Africa, lavutika ndi zimenezi kwa zaka zambiri.

Mitundu ina imapanga poizoni. Wa Microcystis, wochedwa microcystin, amaononga ciwindi, ndipo kuwiritsa madzi sikumucotsa. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti madzi akumwa a tsiku ndi tsiku asapitirire maikulogalamu imodzi pa lita. M'caka ca 2020 njovu zoposa 300 zinafa m'dera la Okavango ku Botswana, ndipo mu Sepitembala caka comweco boma la dzikolo linati coyambitsa cinali poizoni wa cyanobacteria wa m'maiwe. Mzinda wa Lusaka umalandira gawo la madzi ake kucokera ku mtsinje wa Kafue kudzera pa malo oyeretsera madzi a Iolanda, conco zimene zimatayidwa mumtsinjewo zimakhudza mabanja a ku Kabwata, Woodlands ndi Kamwala. Madzi a pamwamba pake pobiriwira ngati penti sayenera kumwedwa, kusambidwa kapena kumwetsa ziweto.

Zimene zikukhudza khungu lathu

Khungu la munthu lili ndi cochinga cake, utoto wochedwa melanin, umene nchito yake ikufanana ndi ya scytonemin. Koma munthu alibe photolyase. Maselo athu amakonza DNA mwa kudula cigawo coonongeka n'kulembanso cina, ndipo zolakwika zimene zatsala zikaunjikana pa zaka zambiri zimatha kuyambitsa khansa ya pakhungu. Ceza ca UV cimathandiziranso ng'ala m'maso, ndipo izi zimagwira a khungu lakuda ndi loyera omwe.

Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo ceza ca UV cimaonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 pa mamita 1,000 alionse okwera. Dzuwa limadutsa paliwombo peni peni kawiri pa caka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Pa muyezo wa UV Index, munthu amayenera kuyamba kudziteteza pa nambala 3, ndipo 11 kupita m'mwamba ndi ngozi yaikulu. Masana a miyezi yotentha ku Lusaka kawirikawiri amafika pamenepo, ndipo mitambo yopyapyala sichinga ceza cambiri. M'caka ca 2023 mabungwe a World Health Organization ndi International Labour Organization analengeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 19,000 padziko lonse anafa ndi khansa ya pakhungu yobwera cifukwa cogwira nchito padzuwa.

Amene ali pangozi yaikulu ndi anthu acialubino, popeza khungu lao lili ndi melanin wocepa kwambiri kapena lilibiretu, ndipo ambiri mu Africa amadwala khansa ya pakhungu akadali acinyamata. Bungwe la Albinism Foundation of Zambia, limene woimba John Chiti anayambitsa m'caka ca 2008, lakhala likupempha kuti mafuta oteteza khungu ku dzuwa azipezeka mosavuta. Mu 2025 World Health Organization inaika mafutawa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira. Ena amene amadziika pangozi ndi odzola mafuta oyeretsa khungu, cifukwa mankhwala monga hydroquinone amacepetsa melanin, cochinga cimene thupi linali naco kale.

Opanga mafuta odzola akuyang'ana ku zamoyo za m'nyanja. Dziko la Palau mu 2020 ndi cigawo ca Hawaii mu 2021 analetsa mafuta oteteza ku dzuwa okhala ndi oxybenzone poopa kuononga matanthwe amoyo a m'nyanja, ndipo izi zinakulitsa cidwi pa zochinga zacilengedwe. Mafuta ena odzola ali kale ndi MAA wocokera ku ndere yofiira yochedwa Porphyra umbilicalis, ndipo akatswiri akuyesa kupanga shinorine wambiri m'mabakiteriya oweta. Komabe munthu asayese kudzola ndere za pamwala kapena za pamadzi, popeza zina zimaocha khungu ndipo zina zili ndi poizoni.

Malangizo a madokotala akufanana ndi zimene tizamoyoti timacita, ndipo palibe njira imodzi yokwanira payokha. Kukhala pamthunzi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo pamene kuli kotheka, kuvala cipewa ca mlomo waukulu, malaya a manja aatali ndi magalasi ochinga UV, ndiponso kudzola mafuta a SPF 30 kapena kuposa, kubwereza pa maola awiri alionse. Kwa anthu acialubino amalangiza SPF 50. Wogulitsa pa msika, woyendetsa wilibala ndi wophwanya miyala, amene sangasiye nchito masana, angapindule kwambiri ndi ambulera ndi cipewa. Aliyense amene waona cilonda ca pakhungu cosapola kwa masabata angapo, kapena banga limene likukula ndi kusintha mtundu, apite msanga ku cipatala ca pafupi. Odwala ofunika cithandizo capadera amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi University Teaching Hospital mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007.